Mapiritsi amene tinkati abweza bambo athu

Bambo anga anayamba kuiwala Chishona m'chaka cha 2021. Zina anali atayamba kale kuziiwala, monga pamene aika magalasi, kapena ngati amwa kale tiyi wam'mawa, koma zimenezo sitinaziwerengere. Ndani sachita zotero akadutsa zaka 80? Chimene chinatidzidzimutsa n'chakuti tsiku lina mdzukulu wawo, mwana wanga wachiwiri, anawafunsa m'Chishona ngati akufuna madzi osamba, iwo n'kungomuyang'ana ngati mlendo wolankhula chinenero cha kutali. Kenako anatembenukira kwa ine n'kufunsa m'Chichewa kuti, "Naphiri, mwanayu akuti chiyani?" Bambo amene anakhala mumzinda uno wa Mutare zaka zoposa 60, amene ankanenerera mtengo wa tomato pamsika wa Sakubva m'Chimanyika chosalala moti palibe akanadziwa kuti ndi mtchona, tsiku limenelo anafuna womasulira m'nyumba ya mwana wawo.

Anachoka kwawo ku Ntcheu, kufupi ndi Lizulu, mu 1957 ali ndi zaka 18. Inali nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pamene anyamata ambiri ankatsika kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi mlatho usanamangidwe, kukafuna ntchito m'migodi, m'mafamu a fodya ndi kunjanji. Iwo analowa ntchito ya njanji mumzinda uno ukutchedwabe Umtali, anakwatira mayi anga, mwana wa mtchona mnzawo, ndipo anakhala ku Sakubva mpaka pamene mayi anamwalira mu 2018. Ine ananditumiza ku Lizulu kwa azakhali anga kukaphunzira pulayimale kwa zaka zisanu, n'chifukwa chake mwa ana awo anayi ndine ndekha amene Chichewa chinakhazikika pakamwa. Maliro a mayi atatha ndinawatenga kudzakhala nane ku Hobhouse, moyandikana ndi Chikanga, m'nyumba imene ine ndi amuna anga takhala tikumanga chipinda chimodzichimodzi. Penshoni yawo inali itapita ndi mphepo ya 2008, pamene ndalama ya dziko lino inasanduka mapepala.

Chishona chitayamba kuthawa, zina zinatsatira mofulumira. Ankafunsa funso limodzi kasanu tisanamalize kudya. Ankabisa ndalama m'nsapato, kenako n'kunena kuti ana anga awabera. Mwana wanga wamkulu, amene ankawakonda kwambiri, analira usiku wonse tsiku limene anamutchula wakuba pamaso pa alendo. Dzuwa likamapendeka ankapinda malaya awiri ndi bulangeti m'chikwama, n'kukaima pageti kuti akupita kwawo. Poyamba kwawoko kunali ku Sakubva. Patapita miyezi kunasanduka ku Lizulu. Ndikawauza kuti sadza lapsa ankangokhala phee, koma ndikati nsima yapsa ankasamba m'manja. Anthu kutchalitchi ankati ndi ukalamba basi, munthu akakula amabwerera ku umwana. Ena ankatsitsa mawu n'kufunsa ngati kumudzi kulibe amene tinayambana naye. Ine ndinkadziuza kuti ndi chisoni cha imfa ya mayi, chidzatha.

Achimwene anga aakulu amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo ndi iwo amene amatumiza ndalama za mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi amene bambo akhala akumwa kwa zaka zambiri. Munthu wokhala kutali amamva ululu wamtundu wake: amaona bambo ake pafoni mphindi zisanu pamlungu, ndipo mlungu uliwonse amapeza kuti china chachoka. Mu Juni 2022 anatumiza katundu pa basi yodzera ku Beitbridge. Pakati pa mafuta ophikira, sopo ndi mpunga panali mabokosi asanu ndi limodzi a mankhwala otchedwa piracetam, piritsi lililonse la mamiligalamu 800. Anawagula kwa munthu wina amene sanafunse kalata ya dokotala. "Awa ndi mankhwala a ubongo, chemwali," anatero pafoni. "Kuno ngakhale ana a sukulu amamwa pokonzekera mayeso. Muziwapatsa limodzi katatu patsiku, muona nokha." Alamu anga anawonjezerapo botolo la makapisozi a masamba a mtengo wa ginkgo, akuti awa ndi achilengedwe, sangapweteke munthu.

Kunena zoona, ndinasangalala. Chaka chathunthu ndinali nditangoonerera bambo akutha ngati sopo, popanda choti manja anga achite. Tsopano ndinali ndi ntchito: kapu ya madzi, piritsi, katatu patsiku. M'bokosi munali kapepala kopindapinda ka zilembo zing'onozing'ono. Ndinakatambasula, ndinaona kutalika kwake, n'kukabwezera momwemo. Komatu ndine mphunzitsi, ndimauza ana tsiku ndi tsiku kuti aziwerenga malangizo asanayankhe funso. Milungu iwiri yoyamba tonse tinaona kusintha. Bambo akatchula dzina la mdzukulu molondola, ndinkaimbira achimwene nthawi yomweyo. Akalakwitsa kasanu tsiku lomwelo, zimenezo sindinkaziwerenga.

Mlungu wachitatu anayamba kusowa tulo. Ankazungulira m'nyumba usiku, kutsegula makabati, kusuntha mipando, kukalipira aliyense wowagwira mkono. Kawiri anatuluka magazi m'mphuno, ndipo ankachedwa kuleka. M'malo moti ndikayikire mapiritsi atsopanowo, ndinawonjezera ena. Ndinagula timapiritsi tachikasu ta chimfine, ta chlorpheniramine, timene ambirife timatidziwa ndi dzina loti Piriton, popeza aliyense amadziwa kuti timagonetsa. Ankagona maola awiri, n'kudzuka atasokonezeka kuposa kale, osadziwa khomo la chimbudzi, akudandaula kuti mkodzo sukutuluka bwino.

Usiku wina mu Julayi, nyengo imene chisanu cha kumapiri kuno chimalowa m'mafupa, ndinadzidzimuka cha m'ma 4 koloko n'kupeza chitseko chili chotsegula. Tinawapeza patapita ola limodzi, mizere itatu kuchokera kwathu, pabwalo la nyumba ya eni. Anali atavula buluku chifukwa linanyowa, atagwira chitseko, akuitana amayi awo m'Chichewa kuti awatsegulire. Anthu anali atasonkhana kale, akuwaunika ndi mafoni. Ndinamva liwu la Chishona lotanthauza mfiti likuyenda pakamwa ndi pakamwa, ndipo mnyamata wina anali atatola njerwa. Taganizani mmene zinkaonekera kwa iwo: nkhalamba yosavala, mbandakucha, pakhomo pa eni, ikulankhula chinenero chosamveka, komanso ya mtundu umene anthu kuno akhala akuunena kuyambira kale kuti ndi wodziwa zitsamba. Anatipulumutsa ndi mayi wina wogulitsa masamba pamphambano, amene anakuwa kuti awa ndi sekuru a kwa aphunzitsi, n'kumasula chitenje chimene anafunda, kuwafunditsa. Pobwerera nawo kunyumba, m'mutu mwanga munali nkhani ya ku Neno, kwathu ku Malawi, kumene mu Januwale 2016 nkhalamba zinayi zinaphedwa poziganizira ufiti mphenzi itapha mtsikana. Pakati pa bambo anga ndi njerwa ija panali chitenje chimodzi.

Mnansi wathu wina ndi namwino wopuma pantchito. Atamva nkhaniyi sanandidzudzule. Anangoti ndipite nawo kuchipatala, ndipo nditenge chilichonse chimene bambo amameza, kaya cha kufamase, cha kugolosale kapena cha kwa asing'anga, ndi mabokosi ake omwe. Tinapita kuchipatala chachikulu cha Victoria Chitepo, chimene achikulire amachitchulabe kuti Mutare General, nditanyamula jumbo yodzaza. Dokotala wake, mayi wamng'ono kwa ine, anakhuthula zonse patebulo n'kuzigawa milu iwiri. Kumanja anaika olembedwa m'kabuku kakuchipatala: a kuthamanga kwa magazi, metformin wa shuga, ndi asipirini wamng'ono amene bambo anayamba kumwa atachita kasitiroko mu 2015. Kumanzere anaika piracetam, ginkgo ndi Piriton. Analoza mulu wakumanzerewo n'kufunsa mofatsa kuti, "Mayi, awa anawalembera ndani?" Ndinati achimwene anga. "Ndi dokotala?" Ndinati ayi, amakonza mafiriji.

Zotsatira za magazi zitabwera, anandifotokozera zimene kapepala kaja kakanandiuza. Piracetam sagayidwa m'chiwindi monga mankhwala ambiri. Amatuluka m'thupi kudzera mu impso pafupifupi mmene analowera. Impso za bambo, zitatopa ndi zaka za shuga ndi kuthamanga kwa magazi, zinkagwira ntchito yosakwana theka. Mlingo wa mamiligalamu 2,400 patsiku, umene kwa munthu wa impso zabwino ndi wamba, mwa iwo unkangounjikana. Opanga mankhwalawa amanena okha kuti okalamba aziyezedwa impso, mlingo uchepetsedwe ngati zafooka, ndipo amene impso zake zatheratu asamwe n'komwe. Amanenanso kuti mankhwalawa angachititse munthu kusakhazikika, kupsa mtima msanga ndi kusowa tulo. Komanso amachedwetsa kuundana kwa magazi, n'chifukwa chake saperekedwa kwa munthu amene magazi akukha mu ubongo wake, ndipo amafuna kusamala kwambiri kwa amene akumwa asipirini kapena warfarin. Ginkgo nayenso ali ndi chenjezo lomwelo. Ndiye kuti ineyo, ndi manja anga, ndinkapatsa nkhalamba yodwala kuthamanga kwa magazi zinthu zitatu zosungunula magazi nthawi imodzi, wina aliyense asanajambule mutu wawo kuti aone zimene zili m'katimo. Magaziwo anatulukira m'mphuno. Akanatha kutulukira pena.

Pa za Piriton ndi pamene anapukusa mutu kwambiri. Mu ubongo muli kemikolo yotchedwa acetylcholine, imene maselo amatumizirana nayo mauthenga, ndipo ndi yofunika kwambiri pa kukumbukira. Matenda a Alzheimer amaichepetsa. Mankhwala ngati chlorpheniramine, promethazine ndi amitriptyline amaitchinga, moti kupatsa munthu woiwalaiwala mankhwala amenewa kuli ngati kuwaza madzi pamoto umene ukuzilala kale. Amatsekanso mkodzo mwa abambo achikulire, ndipo mkodzo wokhalitsa m'chikhodzodzo umaitana tizilombo. Bambo anapezeka ndi matenda a m'njira ya mkodzo, amene paokha amatha kusokoneza mutu wa munthu wokalamba m'masiku owerengeka. Dokotalayo sanafune kundinamiza kuti zonse zinachokera ku mapiritsi, chifukwa matenda oiwalawa paokha amayendetsa anthu usiku. Koma titasiya mulu wakumanzere uja monga anatilangizira, matenda a mkodzonso atachizidwa, pasanathe milungu iwiri bambo anayambanso kugona.

Anawayezanso zinthu zimene sindikanaziganizira: chithokomiro, vitamini B12, chindoko ndi HIV. Ziwiri zomalizazi zinandichititsa manyazi, poti awa ndi bambo anga a zaka 83. Koma dokotala anati zonsezi zimatha kusokoneza kukumbukira, ndipo zonse zili ndi mankhwala ake enieni. Kuthamangira piritsi la ubongo usanazifufuze n'kutaya nthawi imene munthu akanathandizika. B12 inapezeka yotsika, zomwe zimachitikira ena amene amwa metformin kwa zaka zambiri, ndipo anayamba kubayidwa jakisoni. Mlingo wa metformin nawonso unachepetsedwa chifukwa cha impso zija. M'makutu anawachotsa phula louma lochuluka moti tsiku lomwelo anatembenuka galu atauwa panja. Zina zimene tinkati kuiwala kunali kusamva. Chithunzi cha mutu, chimene achimwene analipira, chinaonetsa zipsera za timitsempha totsekeka, komanso ubongo umene wayamba kufota. Dzina lake ndi dementia, ya mitundu iwiri yophatikizana: ya mitsempha ya magazi ndi ya Alzheimer. Pa zonse zimene anapeza, ichi chokha n'chimene chinalibe mankhwala ochiza.

M'Chichewa tilibe dzina limodzi la matendawa, ndipo chinthu chopanda dzina chimabwereka la mnzake: ukalamba, misala, kulodzedwa, ufiti. Komatu si ukalamba wamba. Anzawo a bambo a zaka 90 alipo amene amakumbukirabe akapitawo awo onse akunjanji mayina ndi mayina. Dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anafotokoza mtundu wofala kwambiri wa matendawa mu 1906, atapima ubongo wa mayi amene anamwalira nawo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2021 anthu 57 miliyoni anali ndi dementia, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse anali m'mayiko osauka ndi apakatikati ngati athu ano. Si matenda a azungu monga ena amanenera. Kwathu kuno odwala ake amangokhala kuseri kwa nyumba. Akatswiri osonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet ananena mu 2024 kuti pafupifupi 45 mwa odwala 100 alionse, matenda awo amakhudzana ndi zinthu 14 zimene zingapewedwe kapena kuchizidwa, monga kuthamanga kwa magazi, shuga, fodya, mowa wambiri ndi kusamva bwino. Ndikaganiza za zipsera za m'chithunzi chija ndimakumbukira miyezi ya mu 2008 pamene mapiritsi a kuthamanga kwa magazi ankatithera, ife n'kumati tidzagula zinthu zikakhala bwino. Ngati pali piritsi la ubongo limene ndimalikhulupirira lero ndi limenelo, ndipo langa ndimamwa m'mawa uliwonse.

Pambuyo pake ndinawerenga za piracetam ndi khama limene ndinayenera kukhala nalo poyamba. Anapangidwa mu 1964 ku Belgium, ku kampani ya UCB, motsogozedwa ndi Corneliu Giurgea, wasayansi wochokera ku Romania. Iyeyu ndiye anapeka mawu oti nootropic mu 1972, polumikiza mawu awiri a Chigiriki onena za nzeru ndi kutembenuza. Dzinalo linakula kuposa mankhwalawo, moti lero pa intaneti chilichonse cholonjeza nzeru, kaya ufa, tiyi kapena makapisozi, chimagulitsidwa ndi dzina limeneli. Piracetam si poizoni, si wabodzanso. Ku Britain amaperekedwa kwa odwala matenda ena a kugwedezeka kwa minofu kochokera mu ubongo, ndipo m'mayiko angapo madokotala amawalemberabe anthu oiwalaiwala. Koma akatswiri a bungwe la Cochrane, amene ntchito yawo ndi kusonkhanitsa kafukufuku wa mankhwala n'kumupeta, ataunika piracetam mu 2001 anapeza kuti umboni umene ulipo sukwanira kunena kuti amathandiza odwala dementia. Ku America sanavomerezedwe ngati mankhwala a matenda alionse. Ginkgo anayesedwa komweko pa okalamba oposa 3,000 kwa zaka pafupifupi 6, ndipo zotsatira zake, zofalitsidwa mu 2008, zinaonetsa kuti omwa ginkgo anadwala dementia mofanana ndi osamwa.

Maganizo anga ndi awa. Ngati dokotala amene wayeza impso, waona mankhwala ena onse a wodwalayo, ndipo adzamuonanso pakapita nthawi, walemba piracetam, banja lingatsatire, koma likudziwa kuti phindu lake n'lokayikitsa. Chimene sindingachitenso ndi kulandira mankhwala a ubongo m'katoni ya mafuta ophikira. Dziko lino lili ndi bungwe la Medicines Control Authority of Zimbabwe, ku Malawi kuli Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo ntchito yawo ndi kuvomereza mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa. Bokosi lodutsa malire pansi pa mpando wa basi silifika m'manja mwawo. Ndani angakuuzeni ngati zili m'katimo n'zimene zalembedwa kunja, kapena kuti latentha maola angati padzuwa la ku Beitbridge? Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kwathu wosafunsayo ndinali ine, koma phula anadya ndi bambo.

Chovuta kuposa zonse chinali kuimbira achimwene. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye mukuti ndinafuna kupha bambo?" Ndinati ayi, woperekayo ndinali ine. "Nanga tingokhala manja lende, n'kumawaonerera?" Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti mapiritsi aja ankachiza ife, osati bambo. Kwa achimwene anali njira yokhalira pafupi ali kutali. Kwa ine anali chinthu chogwirika choti ndiike pakati pa ine ndi mantha. Ndinawauza kuti ntchito ya ndalama zawo ilipo yambiri: kuyezetsa impso kawiri pachaka, loko wa pageti, matewera a akuluakulu, ndi malipiro a mtsikana wokhala ndi bambo ine ndikakhala kusukulu. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chimamveka ngati chiyembekezo. Ndalamazo anatumiza, koma panapita miyezi iwiri asanapemphenso kulankhula ndi bambo pafoni. Mabokosi otsala ndinakawasiya kufamase kuti awawononge.

Mankhwala a dementia amene ali ndi umboni alipo, ngakhale kuti mphamvu yawo ndi yochepa. Donepezil, amene anavomerezedwa ku America mu 1996, amachedwetsa kuphwanyidwa kwa acetylcholine ija. Memantine anabwera pambuyo pake, ndipo amaperekedwa matenda akafika patali. Onsewa sachiza ndipo saimitsa matendawa. Amangopepuza zizindikiro mwa anthu ena kwa kanthawi. Atsopano ngati lecanemab, wovomerezedwa ku America mu 2023, ndi a m'diripi, a odwala amene angoyamba kumene, amafuna kujambula ubongo pafupipafupi, ndipo mtengo wake si wa anthu a ku Hobhouse. Kumayambiriro kwa 2023 dokotala anati tiyese donepezil, ndipo kachitidwe kake kanasiyana kutali ndi kanga kaja. Anayamba wayeza kugunda kwa mtima, chifukwa mankhwalawa amauchedwetsa. Anayambira pa mamiligalamu 5 kamodzi patsiku, osasintha mankhwala ena alionse mwezi umenewo, kuti china chikachitika tidziwe gwero lake. Anandiuza zoti ndiziyang'anira: nseru, kutsegula m'mimba, maloto oopsa, chizungulire ndi kuonda. Pomaliza anati ndigule kope.

Kope limenelo ndilo linandiphunzitsa zambiri. Tinagwirizana zinthu zitatu zokha zoti ndizilemba madzulo alionse: kodi adya okha, kodi apeza chimbudzi okha, ndipo agona maola angati usiku wathawu. M'mawa ndinkawagwira pamkono n'kuwerenga kugunda kwa mtima kwa mphindi imodzi. Tinagwirizananso, tisanayambe n'komwe, chimene chidzatichititse kusiya. Kope silikondera. Silikumbukira tsiku labwino lokha monga ndinkachitira ine nthawi ya piracetam. Linaonetsa kuti kwa miyezi ingapo bambo ankapeza chimbudzi okha masiku asanu pamlungu m'malo mwa awiri. N'zochepa, koma amene amachapa zofunda kudera limene madzi amatuluka mwa apo ndi apo amadziwa kulemera kwake. Mlingo utakwezedwa kufika pa mamiligalamu 10 anatsegula m'mimba, ndipo tinabwerera pa 5. Patatha chaka ndi miyezi iwiri mtima unayamba kugunda ka 50 pamphindi, anagwa kawiri podzuka pampando, ndipo dokotala anati tisiye. Sindinong'oneza bondo kuti tinayesa, ngakhalenso kuti tinasiya.

Zimene zathandiza kwambiri sizigulidwa kufamase. Tinaika nyale yoyaka usiku wonse panjira ya kuchimbudzi ndi kabelu pachitseko, ndipo m'jekete mwawo ndinasokerera kansalu kolembedwa dzina lawo ndi nambala yanga. Kenako ndinachita chimene ndinkachiopa: ndinayenda nyumba ndi nyumba m'mizere inayi, kuyambira pakhomo paja anawapeza, kufotokoza kuti bambo anga akudwala matenda a ubongo, ndipo wowaona panjira asawakuwize koma awagwire dzanja n'kundiimbira. Ndinkayembekezera kunyozedwa. M'nyumba zitatu anandilowetsa m'kati n'kundionetsa agogo awo, amene ankawatsekera m'chipinda poopa zomwezo. Mnyamata wa njerwa uja wawabweretsa kunyumba kawiri. Loweruka lililonse kumabwera madala awiri, matchona anzawo a ku Sakubva, atanyamula bawo. Bambo sadziwanso mayina awo, koma manja awo akadziwabe kutakata, ndipo akadya mnzawo amaseka ngati kale. Ana anga, amene ankachita manyazi ndi Chichewa poopa kusekedwa kusukulu, tsopano akuchiphunzira, chifukwa khomo lolowera kwa agogo awo latsala limenelo.

Panapita nthawi ndisanazindikire chinthu china. Bambo sanasiyepo kunditchula Naphiri, ndipo ndinkadzitonthoza kuti ine ndekha sanandiiwale. Tsiku lina madzulo, akupinda malaya awo awiri aja, anandifunsa kuti, "Naphiri, amayi abwerako kudimba? Mbatata zija akumba?" Naphiri amene ankamuitana sanali ine. Anali mlongo wawo, azakhali anga aja anandilera ku Lizulu, amene tinawaika m'manda mu 2009. Mfunda wathu ndi umodzi. Kale ndikanawakonza, monga ndinkachitira akafunsa za mayi anga, n'kumawaliritsa maliro atsopano tsiku ndi tsiku. Tsikulo ndinati, "Sanabwere, achimwene. Khalani pansi tiwadikire, nsima ili pamoto." Anayang'ana kugeti, anayang'ana ine, kenako anakankhira chikwama pansi pa mpando, poti akachipeze mawa.